Kamlatho kathu kapita ndi madzi, tikadandaule kwa ndani?

Mayi wa Tomato: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikufunsa mtima ukuwawa. Kamlatho ka matabwa kamene timawolokera popita kumsika kanakokoloka ndi mvula ya sabata yatha. Lero m'mawa ndasenza dengu la tomato, masilipasi m'manja, madzi akulekeza m'maondo, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa. Kumbuyo kwanga kamwana ka Sitandade 2 kakulira, yunifolomu yanyowa, makope kawaika m'jumbo pamutu. Tayesa kufunsa. Uyu akuti ndi nkhani ya phungu, uyo akuti ya khansala, wina akuti makhoti analetsa aphungu kugwira ndalama za chitukuko. Makhoti alowapo bwanji pa nkhani ya mlatho?

Wakabaza: Amama mwandilankhulira. Ine ndikuzungulira mtunda wautali ndi kasitomala, mtengo womwewo. Ndipo funso langa ndi lomwelo. Phungu tinamuvotera, khansala tinamuvotera, pulezidenti tinamuvotera. Jaji anamuvotera ndani kuti aziletsa anthu amene ife tinasankha?

Wa pa Mzuni: Pepani amama ndi zimene mwakumana nazo. Zimene mwamvazo zili ndi mutu wake. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti si bwino aphungu kuyendetsa ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, zotchedwa CDF, komanso kuvota pa misonkhano ya khonsolo. Amene anakadandaula ndi bungwe la makhonsolo la MALGA. Mfundo yake inali yakuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufufuza ngati ndalamazo zagwira ntchito yake. Ndiye ngati yemweyo akusankha pomanga mlatho, yemweyo akuloza kontilakitala, akadzamanga mlatho wosalimba adzafunse ndani? Adzifunse yekha?

Mayi wa Tomato: Apo ndamvako mwana wanga. Ku banki m'khonde kwathu wosunga bokosi ndi wina, wosunga makiyi ndi wina, wolemba m'buku ndi wina. Chaka china tinamusiyira munthu mmodzi bokosi ndi buku, pogawana mu Disembala tinalira.

Kalaliki Wakale: Amama mwafotokoza bwino kuposa mmene ife a mapepala tingafotokozere. Ndinagwirako ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka zambiri, ndiye ndiyikepo pang'ono. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anagawa mphamvu patatu, ndipo zalembedwa motsatizana. Gawo 7 likunena za pulezidenti ndi nduna zake, oyambitsa mfundo ndi kuyendetsa boma. Gawo 8 likunena za Nyumba ya Malamulo. Gawo 9 likunena za makhoti, kuti ntchito yawo ndi kumasulira, kuteteza ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, mosakondera komanso mosalamulidwa ndi munthu. Koma chimene chimamanga zonse ndi gawo 5: lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda mphamvu. Achimwene a kabaza, jaji sanavoteredwe n'zoona. Olemba malamulowo anachita dala kutero. Munthu woyembekeza mavoti amaweruza akuyang'ana gulu la anthu lili panja.

Wakabaza: Koma adada, munthu wosavoteredwa saopa aliyense. Si choncho?

Aphunzitsi Opuma: Ndiloleni ndilankhuleko, nditalikitsa pang'ono, mundikhululukire.

Ana inu mumaganiza kuti nthawi ya Kamuzu kunalibe Nyumba ya Malamulo kapena makhoti. Zonse zinalipo. Nyumba ya Malamulo inali ku Zomba, aphungu ankavala masuti, sipikala analipo. Makhoti analipo. Chimene kunalibe ndi munthu woti anganene kuti ayi. Kuyambira 1966 chipani chinali chimodzi mwalamulo, mu 1971 Nyumba ya Malamulo yomweyo inamupanga Kamuzu kukhala pulezidenti wamuyaya. Phungu akalankhula mokhota mawa lake si phungunso.

Mu 1989 ine ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina m'chigawo chapakati. Ndinali nditakhalako zaka zisanu ndi zinayi, mkazi ndinakwatira komweko, ana anga Chitumbuka sankachidziwa. Kunangomveka kuti aphunzitsi onse ochokera kumpoto abwerere kwawo, ati tikuphunzitsa mwachinyengo ana a zigawo zina. Panalibe anatifunsa, panalibe mlandu, panalibe umboni. Ndikukumbukira tsiku lomaliza, ana a Sitandade 8 anali atatsala pang'ono kulemba mayeso, ndinawasiyira samu pa bolodi osamaliza. Tinakweza bedi, mpando wa ndalema ndi matumba awiri a chimanga pa lole. Chimanga china chinali chisanakhwime kumunda, tinachisiya chili chiimire. Mkazi wanga analira kuyambira pakhomo mpaka Jenda.

Tsono ndikufunseni. Ndikanapita kuti? Kwa phungu? Anali akuwomba m'manja. Kukhoti? Ndi loya uti akanalemba kalata yosumira Ngwazi? Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, amene anayambitsa nawo chipani cha Kongeresi, anamuweruza m'khoti la makolo momwe munthu sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu 1983 iye ndi mkazi wake Vera anawagamula kuti aphedwe. Sanawanyonge, koma Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati anachita zimenezo kwa munthu wodziwa malamulo chotero, ine mphunzitsi wa pulayimale ndinali ndani?

N'chifukwa chake ine ndikamva kuti khoti laletsa boma, kapena aphungu akana zofuna za pulezidenti, mtima wanga sunyansidwa ngakhale zitandichedwetsera zinthu. Ndinaliona dziko lopanda wokana.

Mayi wa Tomato: Aphunzitsi, mayi anga aang'ono anali m'gulu lomwelo. Anabwera ndi sutikesi imodzi.

Telala wa ku Chibavi: Aphunzitsi ndimakulemekezani, zimene munaona n'zowawa. Koma tisanamizane, makhoti a masiku ano nawo amalowa ndale. Mu 2020 anthu asanu anakhala pansi n'kufafaniza mavoti a anthu mamiliyoni. Ine ndinaima pamzere kuyambira 5 koloko m'mawa mu 2019, voti yanga anaitaya. Imeneyo si mphamvu yopyola muyeso?

Wa pa Mzuni: Bambo atelala, funso lanu ndi lomveka. Koma tiyeni tione chimene majajiwo anachita ndi chimene sanachite. Pa 3 Febuluwale 2020 a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Mike Tembo ndi a Dingiswayo Madise (omalizawa ankagwira ntchito pakhoti lalikulu konkuno ku Mzuzu) anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse mpaka kunja kuda. Anapeza kuti mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena anali osasainidwa, ena anali oti si enieni. Sananene kuti wapambana ndi uje, mumulumbiritse. Anati bwererani kwa eni ake mavoti pasanathe masiku 150. Amene sanakhutire anakachita apilo, khoti la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho pa 8 Meyi. Pa 23 Juni munaimanso pamzere inuyo. Mpando anaupereka ndi anthu ovota.

Telala wa ku Chibavi: Nanga za 50+1 zija, zoti wopambana azipeza mavoti opitirira theka? Si kupanga lamulo kumeneko? Ntchito ya aphungu imeneyo.

Kalaliki Wakale: Apa atelala mwagunda pamene ngakhale maloya amatsutsana. Gawo 80 panthawiyo linkati pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka mwa ovota. Kale khoti linamasulira kuti amene waposa anzake ndi yemweyo, n'chifukwa chake mu 2019 munthu analengezedwa ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse. Mu 2020 khoti linati kumasulira kwakaleko kunali kolakwika, ochuluka ndiye kuti opitirira theka. Khoti silinalembe mawu atsopano, linamasulira amene analipo, kenaka n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti ikonze malamulo a chisankho. Mukhoza kutsutsa kumasulirako, ndi ufulu wanu. Koma ndikukumbutseni chinthu chimodzi. Mu Meyi 2014 a Joyce Banda ali pampando analengeza pawailesi kuti athetsa chisankho mavoti akuwerengedwa. Ndani anawaletsa? Khoti lalikulu. Linati pulezidenti alibe mphamvu imeneyo. Amene anapindula tsiku limenelo ndi a Peter Mutharika. Mu 2020 makhoti omwewo anawagamula mowatsutsa. Mu Sepitembala 2025 anasankhidwanso ndi mavoti opitirira theka, pa lamulo lomwe lija la 50+1. Ndiye khoti lili mbali iti?

Telala wa ku Chibavi: Za 2014 ndinaiwala, sindikana. Koma mtima wanga pa za 2020 sunapolebe.

Aphunzitsi Opuma: Palibe akukukakamizani kuti upole, bambo. Chachikulu n'chakuti munapita kukavotanso, simunatenge chikwanje.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Ndikuwerenga ndili pa bureki. Kuno ku Johannesburg anzanga a ku Zimbabwe ndi ku Congo ankandifunsa mu 2020 kuti majaji anu ndi otani osaopa. Mu Africa muno Kenya yokha ndi imene inali itachitapo zotere mu 2017. Kunonso khoti linalamula a Zuma, pulezidenti wa South Africa panthawiyo, mu 2016 kuti abweze ndalama za boma zimene zinakonzera nyumba yawo ku Nkandla, ndipo mu 2021 anawagamula miyezi 15 chifukwa chonyozera khoti. Koma chimene ndimakumbukira ine cha kwathu ndi cha Epulo 2020, boma litalengeza kuti anthu asatuluke m'nyumba masiku 21 chifukwa cha korona. Mlongo wanga amagulitsa kaunjika, akapanda kupita kumsika tsiku limodzi ana sadya. Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso a bungwe loteteza ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula kuti boma silinakonze chimene osauka adye. Ndinagona tulo usiku umenewo.

Mayi wa Tomato: Chimenecho ndiye ndikuchikumbukira bwino. Mavenda tinayenda mumsewu kuno. Tomato sadikira masiku 21.

Wakabaza: Chabwino, makhoti amaletsa pulezidenti, ndamva. Nanga aphungu amaletsa chiyani? Ine ndimangowaona akukweza manja ndi kukangana za malipiro awo.

Aphunzitsi Opuma: Analetsapo chinthu chachikulu, mwana wanga, iwe uli wamng'ono. Gawo 83 limati pulezidenti alamulire matemu awiri otsatizana basi. Mu Julaye 2002 kunabwera bilu yoti malirewo achotsedwe, kuti a Muluzi apitirire. Anaibweretsa ndi phungu wa AFORD wa kwathu konkuno kumpoto, ku Karonga, zinatipweteka ambiri. Kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, nthawi imeneyo mavoti 128. Anapeza 125. Atatu okha! Ndinali pa wailesi ndi anzanga ku Katoto, batire likutha, tikusinthana kuika khutu. Anayesanso kumayambiriro kwa 2003 ndi bilu ya temu yachitatu, ataona kuti manambala sakukwana anaibweza. Mipingo inaima nji, Sinodi ya Livingstonia, Akatolika, maloya, anthu kuvala kansalu kofiirira pachifuwa. Koma pamapeto pake chinatseka chitseko ndi aphungu ochepa amene anakana, ena mwa iwo akudziwa kuti ataya zambiri.

Wa pa Mzuni: Ndiwonjezere za tsiku ndi tsiku. Boma silingatolere msonkho watsopano kapena kuwononga ndalama popanda Nyumba ya Malamulo kuvomereza. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi pulezidenti koma aphungu ayenera kumuvomereza ndi magawo awiri mwa atatu. Mkulu wa apolisi naye amadutsa m'Nyumbamo. Mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB ndi akazembe amadutsa ku komiti yoona za maudindo. Aphungu angathe kuitana pulezidenti kuti adzayankhe mafunso, a Chakwera anapita kukayankha mu Sepitembala 2020. Ndipo gawo 86 limawapatsa mphamvu yomuchotsa pampando akaphwanya kwambiri malamulo. Mbali inayo, bilu sikhala lamulo pulezidenti asanasainire. Ali ndi masiku 21. Akakana amaibweza ndi zifukwa zake, koma aphungu akaidutsanso kachiwiri m'nthawi yoikika, ayenera kusainira basi.

Telala wa ku Chibavi: Pa pepala n'zokoma. Koma nduna zambiri ndi aphungu omwewo. Munthu ali ndi galimoto ya unduna ndi mbendera kutsogolo, angaimirire m'Nyumba kufunsa bwana wake? Ndipo amene sali nduna akuyembekeza kuti mwina mawa aitanidwa.

Kalaliki Wakale: Apa ndiye ndili nanu atelala, ndi bala lenileni limenelo. Ku America nduna singakhale phungu nthawi yomweyo. Ife tinatenga upulezidenti wamphamvu n'kusiyanso khomo loti nduna zizichokera m'Nyumba ya Malamulo. Zotsatira zake, chisankho chikangotha aphungu oima paokha amayamba kusamukira ku mbali ya boma. Gawo 65 linaikidwa kuti phungu wosiya chipani chimene chinamulowetsa n'kulowa china ataye mpando. Koma taonani mmene linavutira. A Bingu atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira. Mu Juni 2007 khoti la Supreme linati gawo 65 ndi lovomerezeka. Otsutsa anati sitikambirana bajeti mpaka sipikala achotse anthuwo. Aphungu okhudzidwa anathamangira kukhoti kukatenga ziletso. Bajeti inachedwa mpaka Sepitembala, itangodutsa pulezidenti anatseka Nyumba. Nthambi zonse zitatu zinakolana miyendo, wovutika anali mlimi woyembekeza makuponi a fetereza.

Mayi wa Tomato: Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Ndiye kuletsanaku nthawi zina kumatipweteka ife tomwe?

Kalaliki Wakale: Kumapweteka amama, sindingakunamizeni. Ndipo aphungu nawo analakwirapo dziko. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane. Aphungu analichotsa mu 1995. Munalinso nyumba yachiwiri, Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana kuti aziunikanso zimene aphungu adutsa. Sinakhazikitsidwe n'komwe, mu 2001 anaifufuta. Chaka chomwecho cha 2001 aphungu anavota kuti majaji atatu achotsedwe, a Mwaungulu, a Chipeta ndi a Chimasula Phiri, anthu ambiri akuona kuti chifukwa chenicheni chinali zigamulo zosakomera boma. Kunali phokoso m'dziko muno ndi kunja komwe, mapeto ake sanachotsedwe. Komanso kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. M'zaka zimenezo ndi mmene tinazolowera kuti mlatho, mjigo, bokosi la maliro, zonse n'za phungu.

Wakabaza: Funso langa lija silinayankhidwebe adada. Jaji akalakwa amamuletsa ndani? Malume anga ali ndi mlandu wa malo, chaka chachisanu tsopano. Akapita amati failo sikuoneka, akapitanso amati bwerani mwezi wamawa. Ndalama ya minibasi yokha yatha mbuzi ziwiri. Winayo wamanga kale nyumba pamalopo.

Kalaliki Wakale: Achimwene, zimenezo zimachitika ndipo zimandichititsa manyazi monga munthu amene ndinagwirako ntchito imeneyi. Ndinaonapo agogo atakhala pabenchi kuyambira m'mawa, atamanga timapepala tawo m'kansalu, n'kuuzidwa madzulo kuti mlandu wasunthidwa. Sindikuikira kumbuyo. Njira zoletsera jaji zilipo. Yoyamba ndi apilo: chigamulo cha majisitireti chimapita kukhoti lalikulu, cha khoti lalikulu chimapita ku Supreme. Yachiwiri ndi komishoni yoona za ntchito ya majaji, imene imalandira madandaulo. Yachitatu, Nyumba ya Malamulo ingathe kupempha pulezidenti kuti achotse jaji wosadziwa ntchito kapena wa khalidwe loipa. Ndipo aphungu angathe kusintha lamulo limene khoti lamasulira ngati sakugwirizana nalo, bola asaphwanye malamulo aakulu. Chinanso chimene anthu saona: khoti lilibe msilikali, lilibe thumba lakelake. Ndalama zake zimachokera ku Treasury, kosungira chuma cha boma, womanga munthu ndi wapolisi wa nthambi ina. Mu 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala miyezi yoposa iwiri pa nkhani ya malipiro, anthu anadzaza m'zitolokosi osaweruzidwa. Malume anuwo alembe kalata kwa woyang'anira kaundula wa khotilo, atchule nambala ya mlandu ndi masiku onse amene anapitako, asunge kope. Akapanda kuyankhidwa, a Legal Aid, othandiza anthu osowa ndalama ya loya, ali ndi ofesi mumzinda muno, a Ombudsman, olandira madandaulo okhudza maofesi a boma, nawonso. Munditumizire uthenga kumbali ndikuthandizeni kalembedwe.

Wakabaza: Yewo adada, ndikupezani madzulo.

Agogo a ku Zolozolo: Ndakhala chete ndikuwerenga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Inu mukukamba za magawo, ine ndikamba za manda. Ndimakhala kufupi ndi kumene anagona ana amene anawomberedwa pa 20 Julaye 2011. Dziko lonse anafa anthu pafupifupi 20, ndipo Mzuzu ndi umene unalira maliro ambiri. Tsiku limenelo utsi wokhetsa misozi unafika mpaka m'nyumba, tinanyowetsa zitenje kuphimba ana kumaso. Chaka chimenecho mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, ndipo aphungu a boma anali ochuluka zedi m'Nyumba moti chilichonse chochokera kwa pulezidenti chinkangodutsa. Anadutsa lamulo lopatsa nduna mphamvu yotseka nyuzipepala. Anadutsa lamulo lovutitsa kutenga chiletso chotsutsa boma. Pamene aphungu anasiya kukana, ndipo manja a makhoti akumangidwa, anatsala ndani? Anatsala ana athu mumsewu. Ine ndimati aphungu akanachita ntchito yawo mu Nyumba muja, ena mwa anawa bwenzi lero ali ndi mabanja.

Wa pa Mzuni: Agogo, zikomo. Malamulo awiri amene mwatchulawo anachotsedwa mu 2012, koma anthuwo sanabwerere.

Telala wa ku Chibavi: Pepani agogo. Koma ndinene ichi mosabisa: usiku woti mawa zionetsero, kunatuluka chiletso cha khoti choletsa kuyenda. Anthu anasonkhana osadziwa, apolisi akuti tili ndi pepala la khoti. Mmene chinkachotsedwa masana zinthu zinali zitaipa kale. Ndiye chiletso chimene mukuchitamachi chinathandizanso kusokoneza tsiku limenelo.

Kalaliki Wakale: N'zoona zimenezo, ndipo sindidzaziiwala. Chiletso ndi mpeni, chimasenda mbatata chimachekanso chala. Andale a mbali zonse amachithamangira usiku zikawavuta, n'kumachinyoza masana chikawagwira iwo. Koma mankhwala ake si kulanda makhoti mphamvu. Mu Juni 2020, masiku ochepa chisankho chachibwereza chisanachitike, boma linalengeza kuti mkulu wa majaji a Andrew Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma ntchito. Maloya anavala mikanjo yawo n'kuyenda mumsewu, khoti linaimitsa zimenezo. Chikanatheka chija, jaji aliyense akanadziwa kuti ukagamula mosakomera akuluakulu mawa ulongedza. Ndipo woyamba kuvutika ndi jaji wamantha si wandale, ndi malume a achimwene akabazawa akakumana ndi munthu wa ndalama.

Wa ku Joni: Ine chimene ndaona pa zonse mwatchulazi, palibe nthambi inakana yokha popanda anthu kumbuyo. Mu Meyi 2021 komiti ya aphungu inakana a Martha Chizuma pa udindo wa ACB, anthu atakwiya pa wailesi ndi pa Facebook, pasanathe sabata inawavomereza. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira panali ofuna kulambalala wachiwiri wawo, koma malamulo anali omveka, asilikali anaima pa malamulo, a Joyce Banda analumbira pa 7 Epulo.

Aphunzitsi Opuma: Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo olamulira angozisungira. Ndinkawauza ana m'kalasi nditabwerera kuno, kuti pa 14 Juni 1993 makolo anu anaponya voti pa nyali ya zipani zambiri osati pa tambala wa chipani chimodzi kuti pasadzapezekenso munthu mmodzi wogwira bokosi, makiyi ndi buku. Chihana anatsika ndege mu Epulo 1992 akudziwa kuti amangidwa pabwalo pomwepo. Koma ife tomwe timaononga. Phungu akafika pamaliro timamuyeza ndi bokosi ndi thumba la ufa, sitimufunsa kuti pa bilu yakuti munavota bwanji. Chipani chathu chikaphwanya lamulo timati n'zazing'ono, cha anzathu chikaphwanya timathamangira kukhoti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Telala wa ku Chibavi: Pamenepo aphunzitsi mwanena tonse, ine ndemwe ndili momwemo.

Mayi wa Tomato: Ndaphunzira zambiri, zikomo nonse. Koma mawa m'mawa madzi aja ndiwolokanso. Ndiye ndiyambire pati?

Wa pa Mzuni: Yambirani kwa khansala wa wodi yanu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera, amama. Timilatho ndi timisewu ta m'makwalala ndi ntchito ya khonsolo. Kalata ipite ku khonsolo kudzera kwa khansala, kope lipite kwa phungu kuti iye akafunse ngati ndalama za dera lanu zinafika ndi kumene zinapita. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, muli ndi ufulu wofunsa mwa kalata kuti pa bajeti ya chaka chino wodi yanu anaiikira chiyani.

Kalaliki Wakale: Jambulani chithunzi ana akuwoloka, koma nkhope zisaoneke. Mulembe tsiku limene kamlatho kanagwa ndi nyumba zingati zimadalira njirayo. Asainire anthu ambiri, mafumu a m'mabuloko asainirenso. Pokapereka mupite ndi makope awiri, limodzi akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwere nalo. Popanda chidindo adzati sitinalandire.

Wakabaza: Anzanga a pa siteji asainira onse, tilipo oposa makumi awiri. Pepala ndizungulira nalo ine pa njinga.

Agogo a ku Zolozolo: Mundibweretsere nanenso, ndidinda chala.

Mayi wa Tomato: Mwana wanga wa pa Mzuni, undilembere kalatayo usiku uno, ndidzaidinditsa pa msika wa Taifa m'mawa ndikamapita kukaoda. Lachinayi sindigulitsa, 8 koloko ndidzakhala nditanyamuka. Atelala, inu muli ndi jekete labwino, mudzatiperekeze.

Telala wa ku Chibavi: Ndidzatseka shopu mpaka 10. Mudzandipeze pa raundabauti.